Musathamangire kwa a sukata, makina ambiri sanafe ayi

A Mkonzi,

Moni kuchokera kuno ku Ulónguè m'boma la Angónia, komwe chisanu chayamba kale kuluma moti mmawa zala zikumakana kugwira hamala mpaka dzuwa litakwera. Ine ndine kalipentala, ntchitoyi ndinaphunzira kwa amalume anga omwe nawonso anaitola kumishoni nthawi ya Apwitikizi, ndipo Chichewa cholembachi ndinachiphunzira ku Dedza tili ana pomwe tinathawirako nkhondo, tinabwerera kuno mtendere wa 1992 utasainidwa. Ndiye mukaona timawu ta Chipwitikizi tikulowerera apa ndi apo musadabwe, ndi mmene timayankhulira kuno. Nyuzi yanu ndimaiwerenga pafoni ndikakhala ndi mamegabayiti, ndipo lero ndati nane ndilembeko, osati za ndale ayi, koma za kamakina kanga komwe kanangotsala pang'ono kukayezedwa pasikelo kwa a sukata, aja ogula zitsulo zakutha, pomwe kanalibe mlandu uliwonse.

Kwa amene sakuwadziwa makinawa, ndi macheka amagetsi apatebulo, Apwitikizi amati serra tico-tico de bancada, pa makatoni a ku Joni amalemba kuti scroll saw. Ali ndi mikono iwiri, wina pamwamba wina kunsi kwa tebulo, pakati pake pamamangidwa kalamina, kachitsulo ka mano kodulira, kowonda kuposa kamtengo ka machesi, kutalika kwake kungopitirira pang'ono chikhatho, 130 mm basi, ndiye kamangoti kukwera kutsika kukwera kutsika ngati singano ya makina osokera, iwe yako nkumangoyendetsa thabwa. Chomwe makinawa amachita bwino ndi ichi, ukafuna kudula mkati mwa chilembo ngati A kapena O kapena R, umaboola kabowo ndi dirilo, kumasula lamina kumwambaku, kuilowetsa pakabowo, kumanganso, nkudula mkatimo osakhudza mmbali. Amene anayesapo kusema dzina la malemu pamtanda ndi mpeni, kapena kudula zilembo za dzina la loja, kapena kuti sitolo, ndi macheka apamanja, akudziwa thukuta lomwe ndikunena.

Ndinawagula ku Tete mwezi wa February nditapita kukaona mphwanga yemwe amagwira ntchito ku Moatize. Kutentha kwa kumeneko inu a Mkonzi, ife a kumapiri timangoona ngati atiika mu uvuni wa njerwa. Ndikuzungulira mtauni ndinapeza bambo wina atayala katundu wa kaunjika wochokera ku Joni pa lona, magulayinda, madirilo, mapampu, zonse mulu umodzi, ndipo pakona pali kamakina aka katadzaza fumbi, lamina imodzi yadzimbiri ili pomwepo. Mtima unangoti phaa. Ndinafunsa kuti tingayese? Akuti apa palibe magetsi bwana koma ikugwira bwinobwino, ndaiona ndi maso anga. Tinakambirana mosakaniza Chinyungwe, Chipwitikizi ndi Chichewa mpaka tinagwirizana 3,500 meticais, ndalama yomwe mayi akunyumba ankadziwa kuti ndi ya feteleza wa mbatatesi. Mchapa, minibasi ya kuno, kondakitala amafuna ndilipirenso mpando wa makinawo, ndinakana, ndiye ndinawafungatira pamiyendo ngati khanda ulendo wonse kudutsa Mussacama mpaka kufika, miyendo inachita dzanzi osamvanso kuti ndi yanga.

Kufika kunyumba ndinadula pulagi ya ku South Africa ija ya mano atatu akuluakulu ndikuikapo yathu, ana onse atazungulira, neba nayenso wabwera, ndadina switchi. Zii. Kudinanso. Zii. Mayi akunyumba sanakalipe, bola akanakalipa, anangoti "bambo a ana, ndiye nkhuku zapeza pogona pa 3,500" nkulowa kukhitchini. Mmawa mwake ndinanyamula pa njinga kupita kwa mkulu wina wokonza zamagetsi muno mu vila, dzina sinditchula poti timapemphera limodzi. Mkuluyo sanamasule ngakhale palafuzo imodzi, ija a ku Malawi mumati sikuluwu. Anangogwedeza, kununkhiza kumbali, nkuti mota yapsa iyi, kuti tikulunge waya wina ndi ndalama yoposa yomwe mwagulira, bola mundisiyire ndikupatseni ya sukata pa kilo.

Apa ndi pomwe pagona kalata yanga a Mkonzi. Mawu oti yapsa atha zipangizo zambiri kuno kuposa dzimbiri. Wailesi ikasiya kulankhula yapsa, firiji ikasiya kuzizira yapsa, pampu ikangoti duu yapsa, ndipo mwini wake poti sadziwa za mkatimo amangovomera ngati wauzidwa ndi dokotala. Chonsecho mota yopsa siibisala, imanunkha fungo lija la vanishi wopserera lomwe silichoka mmphuno tsiku lonse, ndipo ukatsegula waya wa kopa uja umakhala wakuda bii. Yanga inkangonunkha fumbi la matabwa ndi mphemvu. Sindikunena kuti mkuluyo ndi wakuba, mwina anali ndi ntchito zambiri, mwina makina amtunduwu anali asanawaonepo ndiye kunena kuti sindikudziwa kumawavuta akuluakulu ambiri, koma akanangonena choncho ndikanamulemekeza kwambiri.

Ndinabwerera nawo, madzulo nkupita kwa amalume. Iwo pano maso anafooka, ntchito anasiya, koma mutu ukadali wakuthwa. Anandimvetsera mpaka kumaliza kenako anati "mphwanga, chinthu chomwe munthu anamanga ndi palafuzo, munthu angachimasulenso, kuona maso a nkhono nkudekha." Anandiuza ndiyambire komwe magetsi amalowera nkumatsatira njira yake ngati ukulondola ngalande yothirira kudimba, pomwe madzi aima ndi pomwe pali vuto. Ndinachita zomwezo. Poyamba kuzula pulagi kukhoma, izi musamaziiwale chonde, kenako chilichonse ndisanamasule ndimajambula pafoni, mapalafuzo ndimaika mu thireyi ya mazira motsatana mmene ndawachotsera. Ndinawerenganso kachitsulo kolembedwa kumbuyo kuja, kanati 230 V 50 Hz, ndinapuma, chifukwa magetsi athu kuno ndi a 220 V 50 Hz ndiye zikugwirizana. Izi muziyang'ana musanapereke ndalama, alipo makina ena abwino kwambiri opangidwira ku America a 120 V 60 Hz omwe amalowerera mu kaunjika, amenewo ukangowalumikiza kukhoma popanda thiransifoma ndiye apsadi zenizeni, utsi ngati wa fodya mchigafa. Mnzake wa mphwanga ku Moatize zinamuonekera ndi dirilo, anangomva kuti phu.

Nditatsegula kabokosi ka switchi ndinapeza fumbi la matabwa litaumbana ngati chigumu, kangaude wamangamo nyumba ndi ana omwe. Ndinapukuta ndi mswachi wakale nkupopera ndi pampu ya njinga. Makina angawa ndi aja osintha liwiro, ali ndi kokhotetsa kuti lamina iyende pang'onopang'ono kapena mothamanga, ndiye mkatimo muli kabolodi kobiriwira, ndipo pambali pake kafyuzi kagalasi kaja ka 5 mm kunenepa 20 mm kutalika. Kukayang'ana padzuwa, kawaya ka mkati kaduka. Ndinabwereka mita kwa mnyamata wokonza mafoni pamsika kuti nditsimikize, chingwe chili bwino, switchi ili bwino, fyuzi ndiye yafa. Mnyamata yemweyo anandipezera ina ya ma ampeya ofanana ndi olembedwa pa kachipewa kake, mtengo wake sunafike ngakhale wa buledi awiri. Anandinyengerera kuti tingokulungapo kawaya kapena kapepala konyezimira ka mpaketi ya ndudu, ndinakana, chifukwa fyuzi ndi mlonda, ikaduka ndiye kuti yafera kabolodi, ukaikapo waya wamba tsiku lina chopsa chidzakhala bolodiyo ndipo imeneyo simungaipeze ngakhale ku Tete.

Ndinaika fyuzi, kudina, mota inangoti njenje kamodzi nkusiya. Kuimenya pang'ono ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, njenje kachiwiri. Amalume atamva zimenezo anaseka nkuti ndi makala amenewo. Mota zamtundu uwu zili ndi timakala tiwiri, ena amati mabulashi, tomwe sipuling'i imatikankhira pa kopa wozungulira uja kuti magetsi adutse, ndipo timatha pang'onopang'ono ngati choko pabolodi. Kumbali kwa mota kuli tizivundikiro tiwiri takuda tapulasitiki, ukamasula timatuluka tokha. Kena kanali katatsala ngati njere ya chimanga, kena ngati ya mapira, sikamafikanso nkomwe pa kopa. Tofanana ndendende kunalibe, ndiye ndinagula ta gulayinda tokulirapo pang'ono, ndinayala sandipepa pagalasi nkumakhula mbali imodzi kenako inayo, kuyesa, kukhulanso, mpaka kalowe momasuka osagwira komanso osagwedera. Manja anada ngati ndaotcha makala kuthengo. Kopa uja ndinamupukuta ndi sandipepa wosalala kwambiri mpaka anawala, nkuchotsa zinyalala mtimipata take ndi kamtengo kotokosera mmano. Kudina switchi ulendo uno makina anayaka, ana anakuwa ngati timu yagoletsa, mayi akunyumba anasuzumira pawindo osanena kanthu.

Koma chimwemwe chinali cha mphindi imodzi, chifukwa phokoso lake linali ngati chigayo chomwe chameza mwala, go go go go, tebulo lonse kuvina. Ndinazimitsa msanga. Kuseri kwa chivundikiro cha mmbali kuli kachitsulo kolumikiza mota ndi mkono wapansi, mota ikamazungulira kachitsuloko ndi komwe kamasandutsa kuzungulirako kukhala kukwera ndi kutsika, ngati phazi la telala pa makina opalasa. Mbali zonse ziwiri kali ndi rolamento, ija a ku Malawi mumati bering'i. Yapansi inali itaphwasuka, timipira tina tagwera pansi, tina tachita dzimbiri nkumatana, kuizunguza ndi chala imachita kukhadzula. Apa mpomwe ndinamvetsa nkhani yonse ya makinawa ngati ndinalipo, rolamento inayamba kugwira, mota nkumakoka movutika, fyuzi nkudzipereka, mwini wake ku Joni kuja anangoona kuti sakuyaka nkuwataya, ndiye anayenda ulendo wonsewo kudzafika pa lona ku Tete chifukwa cha kanthu kochepa ngati ndalama yachitsulo.

Marolamento ubwino wake ali ndi nambala yodindidwa mmbali ndipo nambalayo ndi imodzi dziko lonse lapansi, kaya makinawo anapangidwa kuti. Yanga inalembedwa 608, kutanthauza bowo la 8 mm, kunja 22 mm, kunenepa 7 mm, ndipo yomweyo imapezeka mmagulayinda ndi mmadirilo ambiri, ndiye wokonza magulayinda anali nazo mkachitini. Zilembo zakutsogolo kwa nambala nazo zili ndi tanthauzo, ZZ ndi yotsekedwa ndi tizitsulo, 2RS ndi yotsekedwa ndi labala, pa fumbi la matabwa ya labala ndiye yabwino. Apa ndiulule uchitsiru wanga, poti ndanena za ena. Chifukwa cha phuma ndinaikhoma ndi hamala pakati penipeni kuti ilowe, inalowadi, koma kuizunguza imachita kudumphadumpha, ndinali nditaipha ndekha isanagwire ntchito ngakhale tsiku limodzi. Safunsa anadya phula. Ndinabwerera kukagula ina mwamanyazi, wogulitsayo ndi amene anandiphunzitsa kuti ukamailowetsa mchibowo umakankha mkombero wakunja wokha, umatenga soketi ya sipanala yofanana kukula nkufinya pang'onopang'ono ndi vayisi, hamala ayi.

Zotsalazo zinali zongofuna nthawi. Mikono ija pomwe imazungulira pali mabawuti awiri, ndinamasula, kutsuka ndi palafini girizi wakale yemwe anauma ngati phula, kupaka watsopano pang'ono. Tebulo linali ladzimbiri, palafini ndi sandipepa, kenako kupaka kandulo nkupukuta ndi nsanza kuti thabwa liziterera, oyilo musapake chifukwa amadetsa thabwa ndipo vanishi sagwiranso. Pali kamvukuto kalabala kamene kamapopa mpweya wouluza utuchi pamzere womwe ukudula, kanali katang'ambika, ndinamata ndi chigamba cha chubu cha njinga, kapaipi kake nkuikapo ka petulo ka njinga yamoto, mpaka lero kakupuma bwinobwino. Kuvina kuja kunachepa koma sikunathe mpaka nditawamanga ndi mabawuti pa benchi lolemera la bulugamu, pansi nditayalapo chidutswa cha tayala, ndi thumba la mchenga pa shelefu yapansi. Pano ndikhoza kuimika ndalama yachitsulo patebulo makina akuyenda pang'onopang'ono osagwa, ndimaonetsa aliyense wobwera ngakhale sanafunse.

China chomwe ambiri sachidziwa ndi choti kamuvi kosonyeza madigiri kunsi kwa tebulo kamanama. Tebulo limapendekeka mpaka madigiri 45, ndiye pobwezera kamuvi kakhoza kuloza pa 0 pomwe lamina ndi tebulo sizinaongokerane. Kuyesa kwake nkosavuta, tengani kathabwa konenepa, dulani pang'ono, zimitsani, kazungulitseni kapite kumbuyo kwa lamina osakatembenuza chadodolido, ndiye yesani kulowetsa msana wa lamina mu mng'alu womwe mwadulawo. Ikalowa mosavuta zili bwino, ikakana gogodani tebulo pang'ono muyesenso. Ine zinanditengera maulendo asanu ndi limodzi.

Tsopano vuto lenileni, lomwe mpaka lero silinathe. Lamina imodzi yadzimbiri ija inaduka tsiku loyamba lomwe. Ndinazungulira maloja onse a zitsulo muno mu vila, ndikati ndikufuna lamina ya tico-tico amanditulutsira zija zazifupi zonenepa za macheka amagetsi apamanja, poti ku Chipwitikizi nawonso dzina ndi lomwelo, ndikafotokoza kuti ayi ya patebulo yowonda ngati ulusi amangondiyang'ana ngati ndapempha mkaka wa nkhuku. Ndinadutsa pa Calomue kukafika ku Dedza, komwe ndinafunsako anandipatsa za hakisowo. Mphwanga anayendayenda ku Tete masiku awiri osapeza. Tangoganizani a Mkonzi, makina akuyenda bwinobwino ngati atsopano koma angokhala chifukwa cha kachitsulo kolemera ngati nthenga.

Poyembekezera ndinachita za umphawi, ndinagula malamina a macheka apamanja aja a uta, omwe ndi otalika pafupifupi 165 mm, nkuwadula kuti akwane. Amadula ndithu koma ndi otambalala, pokhota pang'ono amakana, chilembo ngati S chimatuluka ngati chalumidwa ndi mbewa. Apa ndinaphunziranso kuti malamina a makinawa ali mitundu iwiri, ena ali ndi kamtanda kumapeto kongokoleka, ena ndi osalala omangidwa ndi palafuzo. Okoleka savuta kuika koma kamtandako kamafuna bowo lalikulu ndiye pa zilembo zing'onozing'ono salowa, osalalawo ndi omwe amagwira ntchito yosalala. Makina anga amalandira mitundu yonse iwiri mwamwayi, koma palafuzo yomangira inali itasalala kunsonga ngati supuni moti lamina imangopulumuka pakati pa ntchito nkundidzidzimutsa, ndinaipala ndi fayilo kuti ikhale yafulati, nsonga za lamina nazo ndimazikhula pang'ono ndi sandipepa kuchotsa mafuta a kufakitale, kupulumuka kunatha. Ndipo musaseke, tsiku lina ndinamanga lamina mano atayang'ana kumwamba, thabwa linayamba kudumpha nkundimenya zala, ine nkumati makina ayambiranso, chonsecho mano amayenera kuloza pansi kuti azikanikizira thabwa patebulo. Kukunga kwake ndimamvera khutu, ndikaikhwatcha ndi chala izilira mokweza ngati waya wa bangwe, ikalira mogonthera ndiye kuti ndi yolobodoka ndipo iyenda mokhota, ukakunga mopyola imaduka.

Anandipulumutsa ndi alamu anga, amuna a mlongo wanga, omwe amayendetsa thiraki kuchokera ku Johannesburg kudzera Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kulowa kwathu pa Cuchamano, kuwoloka Zambezi pa Tete mpaka Zóbuè. Ndinawatumizira chithunzi pa WhatsApp ndi ndalama pa M-Pesa, patatha masabata atatu anandisiyira kaenvulopu kwa mphwanga. Kaenvulopu a Mkonzi, kokwana mthumba la malaya, mkati muli madazeni atatu. Malaminawa amayenda ndi manambala, nambala yaing'ono ndi yowonda ya mano ang'onoang'ono, yaikulu ndi yonenepa, ine ndimagwiritsa 3 pa pulayiwudi wopyapyala, 5 pa ntchito zambiri, 7 pa mlombwa wonenepa uja kuno timati umbila. Alipo ena omwe timano tochepa tapansi tinatembenuzidwa kuloza kumwamba kuti kunsi kwa thabwa kusanyenyeke, amenewo pa pulayiwudi ndi abwino zedi, sandipepa umangogusa pang'ono. Koma lamina si chinthu chokhalitsa, pa thabwa lolimba imabuntha msanga, ukaona thabwa layamba kuda mmbali ndi kununkha utsi ndiye yatha, ukaikakamiza imaduka.

Ntchito yoyamba yolipidwa inali ya aphunzitsi ena achizimayi a kusukulu ya pulaimale kufupi ndi kwathu, ankafuna mapu a Mozambique apulayiwudi oti ana azichotsa zigawo nkumabwezera. Ndinamata pepala la mapu pathabwa nkuyamba kutsata mizere, Niassa, Cabo Delgado, Nampula, Zambézia, kutsika mpaka Gaza ndi Maputo, zigawo 10 kuphatikizapo mzinda wa Maputo womwe umawerengedwa pawokha kukhala 11. Pa Tete pathu ndinadzionetsa pang'ono, ndinaboola kabowo nkudula nyanja ya Cahora Bassa mkati mwake, ndikusiya kathabwa pang'ono cha ku Zumbo, kunsi nkumatako pepala la buluu. Apa mpomwe kuongola tebulo kuja kunaonekera phindu, chifukwa tebulo likapendekeka ngakhale pang'ono zidutswa zimatulukira mbali imodzi yokha, kwinako zimagwira. Aphunzitsiwo akuti ana anafunsa kuti nanga mpata uwu pakati pa Tete ndi Zambézia kalipentala waiwala chidutswa? Anawauza kuti ayi umenewo ndi Malawi, ndiye mwana wina akuti ndiye kwa agogo angatu kumeneko. Kuchokera apo kwabwera ntchito za mitanda, zilembo za maloja, mayina a akwati oika pa keke, moti 3,500 ija inabwerera feteleza asanafunike, ndipo mayi akunyumba pano ndi omwe amajambula zilembo papepala poti dzanja lawo ndi labwino kuposa langa, za nkhuku zija sanazitchulenso.

Ndiye pempho langa likupita kwa inu amalonda omwe mumakatenga katundu ku Joni, kaya mumagulitsira ku Tete, ku Ulónguè, pa Lizulu kapena ku Lilongwe. Mumasenza zimakina zolemera, kulipira thiransipoti ndi kasitomu, koma tinthu tomwe timayendetsa makinawo simubweretsa. Malamina amagulitsidwa pa dazeni kapena pa bokosi la 144, ndipo 144 yonseyo ingakwane mchikwama cha ndalama, siitenga malo, siiola ngati tomato. Wogula makina amabwera kamodzi basi, koma wogula lamina, makala a mota, mafyuzi ndi marolamento adzabwera mwezi ndi mwezi mpaka mudzadziwana mayina a ana. Ndipo ikani soketi imodzi pamalo panu kuti munthu ayese asanalipire, ngati chinthu sichikuyaka nenani kuti sichikuyaka mutsitse mtengo, alipo ife okonda kutokosa tidzagulabe. Ine bambo wa pa lona uja akanandiuza zoona ndikanagulabe, kungoti pa 2,000.

Anyamata otolera sukata sindikuwada ayi, nawonso akusaka ya ufa, ndipo amatichotsera zinyalala zambiri. Koma mwezi wathawu ndinaona pa ngolo yawo makina osokera a chitsulo chakuda aja agogo athu ankasokera, ataphwanyidwa ndi hamala kuti akwane mthumba, ndinamva kuwawa ngati ndaona ng'ombe yamkaka ikuphedwa chifukwa cha chifuwa. Ndinawapempha kuti akapeza chilichonse chokhala ndi mota azindionetsa kaye ndiwapatse yoposa ya pa kilo, pano andibweretsera kale dirilo imodzi yomwe vuto lake linali chingwe choduka mkati pafupi ndi chigwiriro, ndinadula masentimita khumi nkulumikizanso, ikugwira.

Kwa inu a Mkonzi, mutatipatsako kakona kakang'ono mu nyuzi yanu, ngakhale kamodzi pamwezi, koti amisiri azifunsana ndi kuyankhana mChichewa, mungatithandize kwambiri. Zambiri za makinawa pa YouTube zili mChingerezi ndi Chipwitikizi cha ku Brazil, ndipo amakuuza kuti pita kusitolo ukagule chakutichakuti ngati sitoloyo ili kuseri kwa nyumba yako. Ife timafuna wotiuza kuti makala a gulayinda akhoza kukhulidwa, kuti chubu cha njinga chimamata mvukuto. Ndikudziwa ku Ntcheu, ku Dedza, ku Furancungo ngakhale ku Chipata aliko ena ali ndi makina ngati angawa ataphimbidwa ndi chiguduli pakona, mwinanso wina ali ndi malamina koma makina ake anafadi, tikanadziwana tikanasinthana.

Pomwe ndikulemba pano ndatsala ndi malamina anayi a nambala 5 ndi imodzi ya nambala 3, alamu anga akuti ulendo uno awatumiza njira ya ku Beira ndiye ku Joni sapitako mpaka mwezi wa mawa. Aphunzitsi aja atumanso mwana dzulo kuti kachidutswa ka mzinda wa Maputo kasowanso, aka nkachitatu, nkochepa ngati chikhadabo ndiye ana amangokaponya mthumba. Ndadula tinayi nthawi imodzi ndapereka kuti asunge mu diroo. Ngati alipo wowerenga amene akudziwa loja yogulitsa malamina a 130 mm osalala kumapeto pakati pa Tete ndi Lilongwe, ayankhe kudzera mu nyuzi yomweyi, ndikwera chapa.

Ine wanu,
Kalipentala wa ku Ulónguè,
Angónia, Tete